Pakati pa Sitima ndi Mchenga

[NYIMBO YOTSEGULIRA. IMVEKE KWA KANTHAWI, KENAKO ITSIKE.]

WOULUTSA: Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya maphunziro, ndipo lero tikwera sitima.

Sindikunena sitima yapamtunda ija yochoka ku Limbe kulowera ku Nayuchi. Ndikunena zombo zikuluzikulu za panyanja yamchere, zimene munthu amakwera osati chifukwa kutsidya kwagwa maliro kapena kuli malonda, koma kuti apumule, adye, agone, m'mawa adzuke ali m'dziko lina. Pachingerezi ulendo wotere amati cruise. Chimodzi mwa zombo zazikulu kwambiri, Icon of the Seas, chimene chinayamba kunyamula anthu mu Januwale 2024, n'chotalika mamita 365, kuposa mabwalo atatu a mpira mutawalumikiza. Chili ndi nsanjika 20 ndipo chimatha kunyamula alendo oposa 7,000, osawerengera antchito. Ndi tauni yathunthu yoyandama.

Funso langa lero ndi ili. Munthu woyenda pa njinga ya aulumali, munthu wosaona, munthu wosamva, akalipira tikiti yofanana ndi wina aliyense, kodi ulendo umene amaupeza ndi womwewo?

Ndikudziwa kuti wina kumeneko wayamba kale kupukusa mutu kuti, "Izo n'za anthu andalama, ife zikutikhudza pati?" Taimani kaye, musasinthe siteshoni. Ana athu ali ku Johannesburg, ku Durban, ku Cape Town, ndipo ena mwa iwo amasunga ndalama chaka chathunthu kuti kholo lawo lidzaoneko nyanja yamchere mphamvu zisanathe. Ndiponso tisanatseke pulogalamu tibwerera kwathu kuno, panyanja yathu yomwe, ndipo mudzaona kuti nkhani yake ndi imodzi.

Ndiyambe ndi azakhali anga. Anaphunzitsa kupulayimale zaka zoposa 30, ndipo phunziro lawo lapamtima linali la malo ndi maiko. Nyanja ya Indian Ocean anaijambula pabolodi ndi choko kosawerengeka, koma ndi maso anali asanaione. Atapuma pantchito anagwidwa ndi sitiroko, mbali yakumanzere inafooka, ndipo kuyambira pamenepo amayenda pa njinga. Mutu uli nga-nga-nga, nthabwala sizinawathere, koma mwendo ndi mkono zinakana.

Mwana wawo, msuweni wanga, ndi namwino ku Durban. Analowa chipereganyu ndi anzake apantchito, ndipo ndalama zake zitatuluka anagula matikiti a ulendo wa masiku ochepa, wochoka ku Durban kupita ku Portuguese Island, kachilumba kamchenga koyandikana ndi Inhaca, kufupi ndi Maputo m'dziko la Mozambique. Ine anandiitana kuti ndikakhale wokankha njinga.

Padoko zonse zinayenda bwino. Antchito anatitsogoza pamzere, chikepe chinatikweza, azakhali atatchena chitenje chatsopano ndi duku lake, akupereka moni kwa aliyense ngati ali paukwati. Koma titafika pakhomo pa chipinda chathu, njinga inakana kulowa. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinayesa chapambali, zitsulo za mateyala zikungogunda felemu uku ndi uku. Zitseko za zipinda wamba m'zombo zambiri n'zopapatiza, masentimita 55 kapena 60, pamene njinga ya munthu wamkulu imafika masentimita 65 kapena kuposerapo. Kusiyana kwake n'kwa zala zitatu kapena zinayi mutazigundaniza. Zala zimenezo n'zimene zinatiimitsa.

Tinachita kuwaimiritsa, ine kukhwapa uku, msuweni kukhwapa uko, njinga n'kuipinda, n'kuwalowetsa mokhwekhwereza. M'kanjira kopapatiza kaja anthu anali ataima ndi zikwama zawo kudikira kuti tidutse. Azakhali anatembenuka n'kunena kwa anthu osawadziwawo kuti, "Pepani ana anga, ndakuchedwetsani." Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa. Mayi wa zaka zake, amene sanalakwire munthu, tikiti yalipiridwa yonse, n'kumapepesa chifukwa cha chitseko chimene anachipanga ndi wina.

M'kati munali vuto lina. Polowa kubafa panali sitepe yotalika ngati chikhatho, ndipo bafalo linali loti munthu mmodzi akalowa, wachiwiri womuthandiza alibe poima. Pogwira panalibe. Tinapita kuofesi yolandirira alendo kukapempha chipinda china. Mayi amene tinamupeza anatiyankha mwaulemu kuti zipinda za aulumali zilipo, koma zinatha miyezi yambiri m'mbuyomo. Zipinda zimenezo n'zabwinodi: chitseko chimapitirira masentimita 80, pansi m'posalala mpaka kubafa, muli zitsulo zogwira, mpando wosambirapo, ndi malo oti njinga itembenuke. Koma n'zowerengeka, ndipo chifukwa n'zotakasuka, nthawi zina amazilanda ndi anthu oti alibe vuto lililonse. Msuweni sanadziwe kuti chipinda chotere chimafunika kuchipempha padera, ndipo womugulitsa tikiti sanamufunse.

Pano ndinene chilungamo, chifukwa sikuti opanga zombo ndi anthu ouma mtima. Mdani wamkulu wa chombo ndi madzi. Pali pangano la maiko la mu 1966 limene limalamula, mwa zina, kuti makomo ena otulukira panja akhale ndi kakhoma kachitsulo kotukuka m'munsi, kuti funde likakwera lisathamangire m'kati. Sitepe ya kubafa nayo ili ndi ntchito: pansi pake pamadutsa mapaipi, komanso imatchinga madzi chombo chikamapendama. Zimenezo ndikuzimva. Koma zombo zatsopano zaonetsa kuti m'malo ambiri oyenda alendo zimatheka kuika kangalande kovindikira ndi sefa yachitsulo pakhomo, madzi n'kumalowa m'menemo, njinga n'kumadutsa pamwamba. Choncho pamene sanatero, kawirikawiri si nyanja yawaletsa. Ndi masamu a ndalama. Chipinda chimodzi chotakasuka chimadya malo amene akanagulitsa kwa anthu ena.

Tsopano imvani za m'mawa wa pachilumba, chifukwa mtima wa nkhani yanga uli pamenepo.

Usiku wake azakhali sanagone msanga. Ankangonena kuti, "Mawa ndikaponda mchenga wa Indian Ocean, ngakhale ndi phazi limodzi lokhali." Kutacha tinamva chombo chikuponya nangula. Chilumba chinali apo, mchenga uli mbuu, madzi ali obiriwira, koma doko panalibe. Chombo chachikulu chotere sichingayandikire pamadzi osaya. Chimaima patali, anthu n'kumatengedwa ndi maboti ang'onoang'ono kukatsitsidwa kugombe.

Tinatsika ndi chikepe mpaka kunsi. Kumbali kwa chombo anali atatsegula khomo, kunja kuli kathandala kachitsulo ndi masitepe otsetsereka kwambiri. Boti linali litakocheza pamenepo, koma silinali duu. Funde likabwera limakwera, likapita limatsika, ndipo pakati pa boti ndi thandala pamatseguka mpata n'kutsekekanso. Aliyense amayenera kudikira kamphindi koyenera n'kudumphira, amalinyero awiri atamugwira mikono. Mkulu wa amalinyerowo anayang'ana njinga, anayang'ana azakhali, n'kugwada kuti alankhule nawo maso ndi maso. Anati lamulo lawo ndi lakuti wokwera boti azitha kuponda yekha masitepe ndi kudutsa mpata uja, ndipo kunyamula munthu ali pa njinga pamalo otero saloledwa.

Ine ndinapsa mtima, koma nditayang'ananso mpata uja ndinaona kuti bamboyo sakunama. Kuphonya pang'ono, mwendo ukanaphwanyika pakati pa zitsulo ziwiri.

Azakhali anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Pitani ana anga, mukandionere." Tonse tinakana. Apo ndiye anatulutsa mawu aja a uphunzitsi: "Ndalama zonsezi zipite pachabe tonse atatu? Iwe pita. Uyu atsale, andikankhe." Msuweni anakwera boti akupukuta misozi.

Ine ndi azakhali tinakwera pansanjika yapamwamba. Chombo chinali zii, anthu onse ali kugombe. Ndinawaimika m'mphepete kuti aone chilumba, ndipo pamenepo ndinazindikira chinthu chimene munthu woima sangachidziwe. Thabwa logwira lija, limene ife limatifika pachifuwa, munthu wokhala pa njinga limamufika m'maso mwenimweni. Anayenera kuwerama kuti asuzumire kunsi kwake, kapena kusomphola khosi. Ndinawayendetsa mpaka tinapeza malo amene anatchinga ndi galasi lokhalokha. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, akuwerenga maboti opita ndi obwera.

Chimene chinandipweteka si funde ayi, funde lilibe mlandu. N'chakuti palibe anatiuza tisanalipire. Chiganizo chake chinalipo ndithu, m'timalemba ting'onoting'ono ta m'mapepala a tikiti, koma pachithunzi chotsatsa malonda panali mchenga ndi migwalangwa basi. Ulendo wonse unali wopita pachilumba chimodzi chomwecho.

Ndipo si kumeneko kokha. Ku Grand Cayman, m'nyanja ya Caribbean, zombo zimaima patali chimodzimodzi. Ku Santorini, m'dziko la Greece, ukatsika boti umapeza tauni ili pamwamba pa phompho, ndipo njira yake ndi kagalimoto kolendewera pachingwe kapena masitepe pafupifupi 600. Ngakhale pamene pali doko lenileni, nyanja yamchere ili ndi khalidwe limene ife a kunyanja ya Malawi sitinalizolowere: m'malo ambiri madzi amakwera ndi kuphwa kawiri patsiku. Mlatho wotsikira umene m'mawa unali wogona bwino, madzulo umapezeka waima ngati chitunda. Ukafika kumtunda nako, basi yokaonera malo ili ndi masitepe, misewu yakale ndi yamiyala.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za anthu aulumali pa maulendo okasangalala a sitima zapamadzi. Tsopano tione kuti malamulo akuti chiyani.

Mu 1990 dziko la America linakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali, lotchedwa Americans with Disabilities Act. Koma eni zombo anali ndi pobisalira. Zombo zambiri, ngakhale zimanyamula anthu a ku America kuchokera m'madoko a ku America, zimalembetsedwa ku Bahamas, ku Panama ndi maiko ena, ndipo zimakweza mbendera za kumeneko. Ndiye iwo ankati, chombo chathu n'chachilendo, lamulo lanulo silikutikhudza.

Bambo wina woyenda pa njinga, Douglas Spector, pamodzi ndi anzake, anakwera zombo za kampani ya Norwegian Cruise Line kuchokera ku Houston chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Atabwerako anakasuma. M'madandaulo awo ananena kuti aulumali ankalipitsidwa ndalama zambiri kuposa ena, kuti ankakakamizidwa kuyenda ndi wowaperekeza, ndiponso kuti zipangizo zopulumukira pangozi zinali m'malo amene iwo sakanatha kufikako. Mlanduwo unakwera mpaka kubwalo lalikulu kwambiri la dzikolo, ndipo pa 6 Juni 2005 oweruza anagamula kuti lamulo lija limagwira ntchito ngakhale pa zombo za mbendera yachilendo zikakhala m'madzi a America. Koma anasiya mpata: lamulolo silingakakamize kusintha kumene kukutsutsana ndi mapangano a maiko a chitetezo cha panyanja, kapena kolowerera kwambiri m'kapangidwe ka chombo. Kunena mwachidule, pa nkhani ya mitengo ndi kasamalidwe ka munthu anapambana, koma pa nkhani ya zitsulo zinatsala zokambirana.

Patapita zaka khumi, mu 2015, boma la America linagwirizana ndi kampani ya Carnival, imodzi mwa zikuluzikulu padziko lonse, kuti pa zombo zake 49 zipinda zitatu mwa 100 zilizonse zikhale zoyenera aulumali. Kampaniyo inalipiranso chindapusa cha madola 55,000 kuboma, ndi madola 350,000 kwa anthu amene anadandaula. Zitatu mwa 100. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu 16 mwa 100 aliwonse ali ndi ulumali waukulu. N'zoona kuti si onse amafuna chipinda chapadera, wosamva safuna chitseko chotambalala. Koma kumbukirani kuti okonda maulendo amenewa ambiri ndi achikulire, anthu a ndodo, a mawondo otha. N'chifukwa chake zipinda zija zimatha chaka chisanafike.

Ku Ulaya lamulo lawo linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2012. Limati kampani isakane munthu tikiti chifukwa cha ulumali, isamulipitse zoonjezera, imuthandize kwaulere pokwera ndi potsika ngati wadziwitsa maola 48 nthawi isanakwane, ndipo ikaononga njinga yake ilipire. Koma nalonso lili ndi makomo awiri otulukira: atha kukukana ngati chitetezo chikufuna choncho, kapena ngati kapangidwe ka chombo kapena ka doko sikalola. Pali kanthu kenanso kamene ambiri sakadziwa. Kampani ikalamula kuti uyende ndi wokuperekeza, pa sitima wamba yowolotsa anthu woperekezayo amakwera ulere, koma pa ulendo wokasangalala lamulo silinena choncho. Ndiye kuti tchuthi cha munthu waulumali chimatha kukhala cha matikiti awiri.

Ine ndimaona ngati pansi pa zonsezi pali maganizo akuti kusangalala ndi chinthu chapadera chimene waulumali angathe kukhala osachilawa. Kuchipatala inde, kusukulu inde, koma kunyanja akatani? Maganizo amenewa ndimawakana. Pangano la United Nations la maufulu a anthu aulumali, limene linavomerezedwa mu 2006 ndipo Malawi analowamo kwathunthu mu 2009, m'gawo 30 limatchula poyera za kupuma, masewera ndi malo okopa alendo. Amene analemba gawo limenelo ankadziwa kuti munthu sakhalira mankhwala okha.

Tibwere ku nkhani yoopsa, ya ngozi. Chizindikiro cha ngozi pa chombo ndi kulira kwa hutala kasanu ndi kawiri mwachidule, kenako kamodzi motalika. Aliyense akamva amayenera kupita pamalo amene anauzidwa. Nanga wosamva amene wagona m'chipinda, chitseko chokhoma? Nanga wa njinga amene ali pansanjika ya 10, popeza nthawi ya ngozi zikepe sazigwiritsa ntchito?

Pa 13 Januwale 2012, chombo cha Costa Concordia chinagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, chili ndi anthu oposa 4,000. Magetsi anazima, chombo chinapendama mpaka pansi panasanduka khoma, ndipo anthu 32 anamwalira. Anthu amiyendo yawo ankachita kukwawa. Ngozi imeneyo itachitika, malamulo anawakhwimitsa kuti alendo aziphunzitsidwa za kapulumukidwe chombo chisananyamuke kapena chikangonyamuka. Mu Malichi 2019, injini za chombo cha Viking Sky zinazima pamkuntho kufupi ndi gombe la Norway, ndipo anthu oposa 400, ambiri mwa iwo okalamba, anawakoka ndi chingwe mmodzimmodzi kukwera mu helikopita.

Pangano la chitetezo cha panyanja, lotchedwa SOLAS, limene linayamba Titanic itamira mu 1912, limalamula kuti maina a anthu amene anena kuti adzafuna thandizo lapadera pangozi alembedwe ndi kuperekedwa kwa kaputeni chombo chisananyamuke. Mvetsani bwino: amene anena. Apa ndikulankhula ndi inu abale anga amene mumabisa. Enafe timabisa vuto la kholo chifukwa cha manyazi, ena poopa kuti akanizidwa tikiti. Koma dzina likapanda kulowa m'kaundula ameneyo, usiku wa ngozi palibe adzabwere kudzagogoda.

Kwa osamva mavuto sayembekeza ngozi. Kusintha kwa nthawi yobwerera m'chombo, kulephereka kwa doko, zonse amalengeza pa zokuzira mawu. Makampani ena amabwereketsa kachipangizo kamene kamathwanima wina akagogoda, ndi kena koika pansi pa pilo kamene kamanjenjemera belu likalira, koma umayenera kupempha ulendo usanayambe. Womasulira chinenero chamanja amapezeka pa maulendo ena okha, ndipo chinenero chamanja si chimodzi padziko lonse. Cha ku America si cha ku Britain, ndipo zonsezo si cha kwathu kuno. Kwa osaona, taganizani kanjira kotalika mamita 200, zitseko zofanana mbali zonse, ndi malo odyera odzitengera wekha pamene mbale zatenthedwa ndipo anthu akukankhana. Masiku ano zambiri aziika pa foni ndi pa magalasi ogusa ndi chala, opanda batani loti munthu alikhudze. Woyenda ndi galu womutsogolera amafunika mapepala a galuyo a dziko lililonse limene chombo chidzaime, apo ayi galu satsika, ndipo galu akapanda kutsika mwini wake watsalanso.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Mwina mukuti basi, nyanja ndi ulumali siziyenderana. Ndikuuzeni za zombo ziwiri za ku Britain.

Mu 1978 kunakhazikitsidwa bungwe lotchedwa Jubilee Sailing Trust. Linapangitsa chombo cha matanga, choyenda ndi mphepo, chimene chinayamba ntchito mu 1986, ndipo anachitcha Lord Nelson, dzina la mkulu wa asilikali apanyanja amene anaduka mkono umodzi ndi kufa diso limodzi koma anapitiriza kutsogolera nkhondo. Mu 2000 anatulutsa chachiwiri, Tenacious, chamatabwa, chimene pochikhoma anthu aulumali anagwira nawo ntchito. M'zombo zimenezi waulumali sanali mlendo wongokhala. Anali mmalinyero. Tinjira tinali totambalala, pakati pa nsanjika panali zikepe za njinga. Panali kampasi yolankhula, kuti wosaona agwire chiwongolero n'kumamva kumene chombo chikulowera. Pansi pa mabedi panali zonjenjemera zodzutsa osamva. Anthu a njinga ankakwezedwa ndi zingwe pamwamba pa mlongoti kuti akaone nyanja kuchokera kumene mbalame zimaonera. Lord Nelson anazungulira dziko lonse pakati pa 2012 ndi 2014.

Chombo cha matanga chimapendama ndi kugwedezeka kuposa tauni yoyandama ija kutalitali. Ngati zinatheka pamenepo, chifukwa chake n'chimodzi: waulumali anamuganizira pepala lojambulapo chombo likadali loyera. Zachisoni, bungwelo linatseka kumapeto kwa 2023 chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Sindikubisirani, nditamva zimenezo mtima unandiwawa ngati ndamva uthenga wa maliro.

Tsopano tibwerere kwathu, monga ndinalonjezera. Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Alendo ochokera kunja amaikwera ngati ulendo wokasangalala, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba kumpoto. Amene munaikwerapo mukudziwa mmene zimakhalira pamalo monga Usisya ndi Ruarwe. Sitima imaima patali, amatsitsa maboti, anthu amatsika pamakwerero pamodzi ndi matumba a ufa, malata ndi mitolo ya usipa, ndipo kugombe umatsikira m'madzi ofika m'mawondo kapena m'chiuno. Mwera ukaomba ndiye zimaposa pamenepo. M'kati mwa sitima, kuchoka pansanjika ina kupita pa ina, masitepe ake ndi oima.

Ndi chimodzimodzi ndi zimene azakhali anakumana nazo, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Kwa munthu wa kumeneko uwu si ulendo wa tchuthi. Ndi njira ya kuchipatala, ya kusukulu, ya kumsika. Sangathe kunena kuti pitani mukandionere.

Chimachitika n'chiyani? Amamunyamula. Anyamata amphamvu amamubereka kumsana, ena amanyamula njinga pamutu. Chifundo chimenechi ndimachilemekeza, ndipo popanda icho anthu ambiri sakanayenda. Koma tafunsani mayi wamkulu mmene amamvera kugwidwa thupi ndi amuna osawadziwa, chitenje chikuyoyoka, khamu likuonerera. Tafunsani bambo amene amalamula pakhomo pake mmene amamvera kuperekedwa dzanja ndi dzanja ngati thumba la chimanga. Ambiri amangosankha kukhala kunyumba, ndipo ife n'kumati kuno aulumali okwera sitima kulibe.

Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Mawu akuti chilema masiku ano sitiwagwiritsanso ntchito ponena munthu, koma nzeru ya mwambiwo ikadalipo. Azakhali anayenda ndi miyendo yawo zaka zoposa 60. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse m'Malawi muno ali ndi ulumali wa mtundu wina. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la anthu aulumali, ndipo bungwe loona za anthu aulumali lija tinkalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA. Tsiku lina Ilala idzapuma ndipo idzabwera ina, madoko atsopano adzamangidwa. Pempho langa kwa adindo n'lakuti pojambula mapulani, patebulopo pakhale munthu wa njinga, munthu wa ndodo yoyera, munthu wolankhula ndi manja. A FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ali nawo anthu otero, odziwa zimene akunena. Kukulitsa khomo papepala kumangofuna pensulo ndi labala, pamene kukulitsa khomo lachitsulo chombo chili pamadzi kumafuna mamiliyoni.

Kwa inu amene mukuganiza zotengera kholo kapena mbale pa ulendo wotere, safunsa anadya phula. Musafunse kuti, "Kodi chombo chanu n'choyenera aulumali?" chifukwa aliyense adzati inde. Tengani tepi, muyeze njinga kuchokera kuteyala ili kufika kuteyala ilo, ndipo mufunse kuti chitseko cha chipinda ndi cha bafa ndi masentimita angati. Funsani doko lililonse palokha: kodi apa chombo chimakocheza, kapena timatsikira m'maboti? Ngati ndi maboti, wa njinga amaloledwa? Njinga ikakhala ya batire, dziwani kuti siloledwa kugona m'kanjira, iyenera kulowa m'chipinda, ndiye funsani ngati ikwanamo ndi potchajira pake. Mankhwala tengani opitirira masiku a ulendo, muwasunge m'chikwama cham'manja. Chipatala cha m'chombo n'cholipira, ndipo n'chodula, choncho inshuwalansi yanu itchule matenda amene munthuyo ali nawo kale. Mayankho onse akupatseni olembedwa. Lonjezo la pafoni silikuthandizani mutaima pakhomo njinga itakana.

Azakhali sanagonje. Mwezi wathawu anandiimbira foni, mawu ali gwa. Amva kuti pali zombo zochoka ku Cape Town kupita ku Walvis Bay m'dziko la Namibia, kumene chombo chimakocheza padoko lenileni, munthu n'kutsika pa mlatho. Ndinawakumbutsa kuti kumeneko si Indian Ocean, ndi Atlantic. Anandiyankha kuti, "Mwananga, ukundiphunzitsa ine mapu? Imeneyonso ndinaijambula pabolodi."

Msuweni walowanso chipereganyu. Njinga anaiyeza ndi tepi yosokera, ndi masentimita 66. Kalata yofunsa za chitseko, za bafa ndi za madoko anatumiza sabata yatha, ndipo akuti salipira kalikonse mpaka yankho litabwera.

Nthawi yathu yathera pomwepa.

[NYIMBO YOTSEKERA]